Nkhope ya Mwini Chikwama

Kwa zaka makumi awiri Sarfaraz Momin anali munthu wa m'chigulu. M'mafilimu a ku Mumbai anthu oterewa ndi amene amadzaza msika, amavina paukwati wa eni ake, amathawa galimoto ikaphulika, ndipo palibe amawadziwa dzina. Mwiniwake ankaseka kuti wafa kale kambirimbiri koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anamulirapo. Ndiye tsiku limene wothandizira dayirekita wa filimu anaima pamaso pake n'kumuyang'anitsitsa pachibwano, mtima wake unadumpha ngati wa mwana.

"Ndevuzi ndi zanudi, bambo?"

"Kokani muone."

"Basi, mwachita mwayi. Lero kamera ili pa inu nokha. Mukwera sitima ndi chikwama, muchiika pansi pa mpando, mutsika pasiteshoni yotsatira. Osamwetulira, osayankhula."

Sarfaraz sanali chitsiru, anadziwa zimene chikwamacho chikuimira. Filimuyo inali ya masiku onse ija: bomba liphulika, amayi alira, kumapeto Mhindu ndi Msilamu akumbatirana nyimbo ikulira, anthu n'kutuluka m'holo akupukuta misozi, mitima ili mbee. Koma kuti awiriwo akumbatirane pamafunika wina ayambe waika chikwama, ndipo woikayo nthawi zonse amakhala wandevu ndi kachisoti koyera. Akanatha kukana. Sanakane, chifukwa ankalakalaka nkhope yake itaoneka kamodzi kokha asanafe.

Mkulu wa zovala atamuveka mkanjo, anaona ulusi wofiira padzanja lake lamanja.

"Nanga ichi? Chigawenga chovala rakhi? Mukufuna anthu akafe ndi phwete m'holo?"

Ulusiwo anamumanga ndi Sulabha Gawde, mayi wamasiye wa chitseko choyang'anana ndi chake pakhonde la nyumba yosanja imene onse awiri anakalambiramo. Chaka chilichonse, tsiku limene akazi achihindu amamanga alongo awo ulusi padzanja kuti aziwateteza, Sulabha ankamanga Sarfaraz. Anayamba chaka chimene bomba linaphulika m'sitima n'kupha mwana wake mmodzi yekhayo, Ninad. Sarfaraz ndiye anazungulira zipatala zinayi kufunafuna mtembo, ndiye anauzindikira poona nsapato, ndiye ananyamula nawo mpaka kootchera mitembo, amuna ena apakhondepo akung'ung'udza kuti Msilamu akufunanji pamaliro a Ahindu. Ulusi wotere sadula. Amausiya uthothoke wokha.

"Ndiubisa m'kati mwa mkono wa mkanjowu," anatero Sarfaraz.

"Dzanja limenelo ndiye loika chikwama, kamera ifika pomwepo. Mukuifuna ntchito kapena ayi? Andevu ali mbwee panjapo."

Sizasi inalira kamodzi. Sarfaraz anatola ulusiwo n'kuuika m'thumba la mkanjo, ndipo poweruka anabweza mkanjowo ulusi uli momwemo. Sulabha ataona dzanja lili lopanda kanthu, Sarfaraz anamunamiza kuti wathothoka wokha.

"Chaka chino wafulumira bwanji," anatero Sulabha akuseka. "Ndinagula wotchipa, achimwene, mundikhululukire."

Filimu inatuluka patapita miyezi, ndipo inayenda malonda. Nkhope imene ankailakalaka ija inaonekadi, mpaka pazikwangwani za pasiteshoni, kumbuyo kwa phewa la katswiri wa filimuyo, maso ali psuu. Pakhonde nthabwala zinayamba. "Bwana wa mabomba, lero chikwama mwasiya pati?" Poyamba ankaseka nawo. Kenako anaona kuti akamakwera masitepe atanyamula jumbo ya anyezi, amayi akukokera ana awo m'nyumba, ndipo kuseka kunamuthera. Sulabha sankapita kokaonera mafilimu chimwalirireni Ninad. Koma anthu achifundo chonama sasowa. A Palav, mmodzi wa ong'ung'udza pamaliro paja, anamupititsira foni kuti adzionere yekha mlongo wakeyo.

Tsiku la rakhi litafika, Sarfaraz anasamba m'mawa, anavala zoyera, anatenga nsalu ya sari yobiriwira imene anagula ngati mphatso, n'kugogoda. Sulabha anatsegula. Mbale yamkuwa inali yokonzeka ngati zaka zonse: kanyali koyaka, mpunga, utoto wofiira wopaka pachipumi, maswiti a mkaka, ndi ulusi watsopano. Ataiona mbaleyo mantha amene anagona nawo masabata ambiri anayamba kutsika. Anakhala pakampando n'kutambasula dzanja.

Sulabha anamupaka utoto pachipumi, anazunguliza kanyali pamaso pake, anatola ulusi. Pamenepo anaima, maso ali padzanjalo.

"Ndi dzanja lomweli?"

"Achemwali, linali sewero chabe. M'chikwamamo munali manyuzipepala akale."

"Ndikudziwa, achimwene, sindine mwana. Ndikudziwanso kuti ndinu amene munandipezera Ninad. A Palav ndinawathamangitsa ndi tsache. Koma zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndikumuona munthu ameneyo. Ndikangotseka maso amakwera sitima, amawerama, amakankhira chikwama pafupi ndi mapazi a mwana wanga. Analibe nkhope. Ndinkachita kupempha Mulungu kuti andionetse nkhope yake ndimutemberere bwinobwino. Tsopano ali nayo."

Sarfaraz anachita manyazi aakulu, kuposa a tsiku lililonse m'moyo wake.

Tisamunamizire Sulabha, anayesetsa. Anazunguliza ulusiwo padzanja kamodzi, kawiri, koma pofika pomanga mfundo zala zinakana. Ulusi unatsetsereka n'kugwera pamiyendo ya Sarfaraz. Sulabha anautola, anaubwezera m'mbale, anakulunga maswiti awiri m'kapepala n'kumupatsira m'manja, m'malo momudyetsa yekha pakamwa monga ankachitira.

"Mwina chaka chamawa, achimwene."

"Inde, achemwali. Chaka chamawa."

Anasiya sari pakampando n'kutuluka. Chitseko chinatsekedwa pang'onopang'ono, mwaulemu, kenako anamva mpiringidzo ukulowa. Chitseko chimenecho sichinkakhomedwa masana, ndipo Sarfaraz ankangolowa kukapempha shuga osagogoda. Kumapeto kwa khonde wailesi ya winawake inkaimba nyimbo yotsekera filimu ija, yonena kuti tonse ndife ana a mayi mmodzi, ndipo ana a a Palav ankaimba nawo mokweza, poti inali nyimbo yokoma.

Lachiwiri lotsatira foni inalira. Anali wothandizira dayirekita uja, mawu ali myaa.

"Bambo Momin, mwatchuka! Kuli filimu ina, ino ndi ya bomba la mumsika. Akuti akufuna wandevu yemwe uja. Padzanja palibenso zomangamanga, eti?"

Sarfaraz anayang'ana dzanja lake.

"Palibe," anatero. "Ndifike nthawi yanji?"