Tizilombo Taubweya m'Dziwe la Modesta

Makumba a Modesta anayamba kudzikhula m'mbali mwa dziwe ngati mbuzi ya mphere, ndipo m'mawa uliwonse awiri atatu ankayandama chagada. Amuna ake, a Benjamini, amene chiyambire sankalifuna dziwelo, anadula mlandu: zikapitirira mpaka Loweruka, akhetsa madzi n'kufesapo nazale ya fodya.

Lachitatu kunatulukira Alexio, mlangizi wa za nsomba, atamangirira kumbuyo kwa njinga yamoto makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso. Anapala zoterera pakhungu la nsomba yodwala n'kupaka pakagalasi.

"Tizilombo timeneti n'ta selo imodzi, mayi, koma tili m'mitundu," anatero Alexio. "Tina timayenda ndi kamchira, tina ndi ubweya wozungulira thupi. Timeneto timakhala pakhungu, mchere umatitha. Koma pali tina tobisala m'mnofu, tosayenda. Tikakhala timeneto, mankhwala palibe, dziwe liphwe basi."

A Benjamini anatsokomola, chimwemwe chosabisika. Alexio anasuzumira, napotokola makinawo, nasuzumiranso, koma osaona kanthu. Modesta anasendera pafupi.

"Tapatukani ndione," anatero.

Tsono musaiwale, mayi ameneyu anakhala zaka khumi ndi zinayi pa utenanti ku Nachisaka, akusankha fodya tsamba ndi tsamba. Diso lake silinaphonyepo giredi. Anatsinzina diso limodzi, ndipo posakhalitsa anayamba kuseka.

"Ee, kali apa m'mphepetemu. Kozungulira ngati lichero, kakupota. Kena aka. Mayo, tilipo tambiri, tonse taubweya. Takamchira sindikutiona."

Alexio anayang'ananso pomwe analozapo, nagwedeza mutu. "Mwalasa, mayi. Ndi taubweya."

Modesta anavina pomwepo, matope ali m'miyendo, mpango uli pansi. Anakondwa ngati wabereka mwana. Tsiku lonse anali pa kalikiliki kusambitsa nsomba m'madzi amchere, monga anamuuzira mlangizi, akuimba nyimbo ya kwaya mokweza kuti wina wake amve.

Loweruka m'mawa anathamangira kudziwe. Sipanayandame nsomba ngakhale imodzi. Koma kutsidya anaona a Benjamini ali ndi khasu pa chipupa cha dziwe, ndipo anathamangira komweko.

"Abambo, mukutani?"

A Benjamini sanatukule mutu. "Apa pakudontha. Mukufuna madzi athe, nsomba zathu zife?"