Kilachi Inkalira, Wailesi Inkakwera

Mayi a mapasa ankasita mayunifolomu a ana awo pang'onopang'ono, simbi ikungobwerera pa kolala imodzimodzi. Maso anali pa malaya, koma makutu anali panja pomwe amuna awo ankatembenuza galimoto. Phokoso lija linamvekanso, kulira kosongoka ngati mbewa yapamsampha. Linkayamba bambowo akangoponda kilachi, n'kuleka akachotsa phazi. Mayiwo ankalimva m'mawa uliwonse poperekeza ana kusukulu, asanatsike kushopu komwe ankasoka zovala.

Sanali munthu woyankhulayankhula. Ananenapo kamodzi kokha, mawu ali pansi: "Bambo a mapasa, galimotoyi ikumalira mukaponda kilachi." Amuna awo anangotambasula dzanja n'kukweza wailesi. Kuyambira pamenepo, phokoso likakula, wailesi nayo inkakwera.

Ndiye kunali alamu awo, mng'ono wa bambowo, amene analibe ngakhale njinga koma ankadziwa matenda a galimoto zonse. "Achimwene, galimoto yakale ili ngati nkhalamba, kubuula si kudwala," anatero alamuwo. "Thirani oyilo wolemera mu giyabokosi, ikhala chete. Alamu angawa asiyeni, amadziwa makina osokera basi." Abale awiriwo anaseka. Oyilo anathiridwa, phokoso silinasunthe, ndipo mayiwo anameza mawu awo.

M'mawa wa tsiku losita lija, galimoto inaima pa maloboti a pachitunda pafupi ndi sukulu. Kumbuyo kwawo kunali lole yodzaza njerwa. Nyali yobiriwira itayaka, bambowo anaponda kilachi ndipo pansi panamveka kuti kho. Giya anakana kulowa, ankangokukuta ngati mano a munthu wamalungo. Bambowo analimbana naye ndi manja awiri, phazi n'kuchoka pa buleki, galimoto n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Mayi a mapasa anakoka handibuleki ndi mphamvu zonse. Galimoto inaima mwadzidzidzi lole ili pafupi kwambiri, ndipo mmodzi wa mapasawo anagunda mlomo pampando. Magazi anadonthera pa kolala ija.

Masana, mwana atatsukidwa bala kuchipatala, onse anakumana kugalaja komwe galimoto inakokeredwa. Makaniko waimvi anali atatsitsa kale giyabokosi.

"Isanafe inkalira bwanji, bambo?" anafunsa makanikoyo.

"Sinkalira ayi. Yangofa mwadzidzidzi," anayankha bambo a mapasa.

Makanikoyo anapukusa mutu akupukuta manja. "Galimoto sifa isanabuule. Ifenso timayamba ndi makutu, sipanala pambuyo. Timailiza ili chiimire, isali pa giya. Ikamalira mukaponda kilachi n'kuleka mukachotsa phazi, nthawi zambiri ndi beringi yomwe imakankha kilachiyo. Ikamalira phazi lili kumbali n'kukhala chete mukaponda, timakayikira mkati mwa giyabokosi. Ikamakukuta posintha giya, ndiye kuti kilachi sikulekerera bwino, kapena zamkati mwa giyabokosi zaperepeseka."

Ananyamula kachitsulo kozungulira, kakuda ngati khala. "Beringi yanu ndi iyi. Inauma kalekale, lero yagwira n'kuthyola zitsulo za kilachi. Mukanabwera itangoyamba kulira, sizikanafika apa. Nanga oyilo wonga phalayu anathira ndani? Kuberingi safikako n'komwe, amangolemeretsa magiya."

Alamu aja anayamba kuyang'anitsitsa matayala akale omwe anali pakona.

Bambo a mapasa anakanda m'mutu. "Chabwino, konzani. Mukamaliza mundionerenso sipika yakumanzere, ikumanjenjemera nyimbo ikafika pa ng'oma."

Mayi a mapasa anali chiimire pakhomo, atagwira dzanja la mwana wotupa mlomo. Ulendo uno sanameze mawu awo.

"Sipika mwaimva, bambo a mapasa?" anatero mayiwo mokweza mawu. "Ndiye kuti makutu muli nawo. Galimoto inakuuzani, munakweza wailesi. Ine ndinakuuzani, munaseka ndi ang'ono anu. Inde alamu, ndimadziwa makina osokera, ndipo akasintha kaliridwe ndimaimitsa, sindiimba nyimbo. Taonani mlomo wa mwanayu. Lole ija ikanatipeza, mukanakweza chiyani?"



Mayiwo anatembenukira kwa makaniko. "Bambo, konzani kilachi, sipikayo isiyeni. Ana anga aziyenda pansi mpaka galimotoyi itakhala chete wailesi ili yozimitsa. Ndipo womvetsera ndikhala ine."