Paison Wagawa Njinga

Mlongo wanga Paison ankanyamula anthu pa njinga kuchokera kumsika wa Kapata. Tsiku lina ali pachitunda, atakweza mayi wina ndi thumba la mbatata, mtima unangoyamba kuti di! di! di! Thukuta lozizira, mpweya kubanika, manja kuchita dzanzi. Anatsika n'kukhala m'mbali mwa msewu, akuti basi ndikufa.

Sanafe. Kuchipatala anamupima magazi, anamumata timawaya pachifuwa, adokotala n'kunena kuti mtima uli bwinobwino, ndi nkhawa chabe. Tonse mitima inakhala pansi. Anzake a pasiteji ankamuseka: "Mwamuna wandevu kuopa mtima wake womwe? Ukufuna mtimawo uime?"

Koma tangoganizani inu. Munthu wopalasa njinga, mtima ungaleke bwanji kuthamanga? Akangopalasa pang'ono n'kuumva ukugunda, iye amvekere zija zabweranso. Anayamba kukana makasitomala onenepa, kenako zitunda, kenako ntchito yonse. Anasiya tiyi, ati amathamangitsa mtima. Anasiya ndi kwaya yomwe, ati nyimbo zokoka zimamuthera mpweya. Tsiku lonse chala pakhosi, kumvetsera. Chimene ankaopa kwambiri n'kudzagwa pagulu, anthu n'kumati mwana wa aphunzitsi wazungulira mutu.

Loweruka lina ndikuchokera kogulitsa tomato ndinamupeza akuseka, nditaiwala kale kaonekedwe ka mano ake. Wameta, wachapa. Njinga waipukuta n'kuipereka ulere kwa Boaz, mnzake wa pasiteji. Jekete lake la kutchalitchi wapatsa amuna anga. Amayi ali, "Ambuye ayankha, mwana wachira."

Wachira? Paison amene sabwereketsa ndi pampu yomwe? Ine mantha anandigwira. Ndinamukokera kuseri kwa nyumba.

"Iwe, njinga wagawa. Mawa udzadya chiyani?"

"Za mawa zisiyeni, asisi."

Ndinamufunsa mosapsatira. "Paison, ukuganiza zodzipha?"

Anayankha akuyang'ana pansi.

"Ndatopa, asisi. Galu wolusa umamuthawa. Nanga ichi chili m'chifuwa muno, ndichithawire kuti? Adokotala akuti sindifa nacho. Ndiye kuti ndizikhala chonchi mpaka kukalamba."

Mayo ine! Uthenga umene ife tinaukondwerera uja, iye anaumva ngati chigamulo cha kukhoti. Ndinalira, ndinamukalipira, ndinamugwira malaya osamusiya. Amayi atamva anatseka makutu, ati mawu otere satchulidwa pakhomo la Akhristu. Ndinati, "Amayi, nditchule lero, kapena adzatchule abusa kumanda?" Anangokhala pansi pomwepo.

Masana omwewo ndinapita naye kuchipatala, ndipo ulendo uno ndinayankhula ndine. Anatitumiza kwa namwino woona za matenda a maganizo, mayi wosapupuluma. Anati nkhawa payokha imapiririka, koma munthu akayamba kuopa thupi lake lomwe amasowa popumira, ndipo ena amafika poganiza zotere. Anati thandizo lilipo, koma si la tsiku limodzi.

Paison amapitako Lachiwiri lililonse. Masiku ena amadya, ena ayi. Ine tomato akundiwolera pabenchi, sindikusamala. Akamadandaula kuti mtima wayambanso, ndimati zikomo Ambuye, akadali nafe. Koma akangoseka, ndimasiya chilichonse n'kumutsatira.