Ndudu ya Aloysius pa Chiliza

Chaka chimenecho makuponi a fetereza anadumpha nyumba ya Kondwelani wa ku Lisasadzi, pamene ena oti khasu saligwira n'komwe analandira. Mbande za fodya ku nazale zinali zitafika powokera, koma fetereza analibe ngakhale wodzaza chikho. Maso ake onse anali pa msuweni wake Aloysius, mwana wa azakhali ake, yemwe ankagwira ntchito ku Lilongwe pa kampani ina yogula fodya. Kampaniyo inkapereka fetereza kwa alimi amene yawasankha, ndipo wosankha wa dera lino anali Aloysius yemweyo.

Aloysius anabwera kumudzi kudzamangitsa chiliza cha mayi ake. M'mawa, ntchito isanayambe, anaitanira Kondwelani kuseri kwa galimoto natulutsa ndudu yonenepa ngati chinangwa, ya masamba okhaokha, yopanda pepala kupatula kapepala kagolide kokulunga pakati pake. Anati dzina lake ndi siga, yochokera kunja, ndipo bwana wake anamupatsa ziwiri zokha. Anaidula kumapeto ndi kachitsulo kakekake, naiyatsa mosafulumira kuti msuweni wake aone bwino. Utsi wake sameza, anatero, umangouyendetsa m'kamwa. Poyamba umamva khofi, kenako mtedza wokazinga, ukafika pakati pamabwera tsabola wapatalipatali.

Kondwelani anakoka. Khofi sanamumve. Anamva chigafa mvula itagwa, fungo lija limakanirira m'malaya mpaka sopo kugonja. Koma munthu wofuna thandizo lilime lake limamva zimene wauzidwa, ndiye anagwedeza mutu nati khofiyo akumvekadi, mtedzanso ulimo. Zinamuwawa kunama pa nkhani ya fodya, mbewu imene inamupinda msana, komabe anaseka. Aloysius anakondwa, namupatsa ndudu yachiwiri ija kuti akasute modekha kunyumba. Za fetereza anati asade nkhawa, akambirana madzulo.

Kumanda ntchito inakula. Adzukulu, anthu aja amasenza ntchito zonse za kumanda, anatuta mchenga ndi njerwa dzuwa likuswa mtengo. Aloysius anali atagula simenti yokwanira ndi mbuzi yomwe, koma fodya anaiwala, chonsecho ndi mwana yemwe amadziwa kuti adzukulu sagwira ntchito popanda kautsi. Mkulu wawo, a Kalekeni, anaona chinthu chikusuzumira m'thumba la malaya a Kondwelani. Anafunsa moseka, koma mokweza, ngati mwana wa pakhomo angaumire anthu amene akumangira azakhali ake nyumba.

Kondwelani sanazengereze. Kukana kukanachititsa manyazi banja lonse, makamaka Aloysius mwini chiliza. Anaifumula nduduyo, nafikisa masamba ake m'manja, ndipo aliyense anapichira gawo lake pa nyuzipepala yakale.

Aloysius anawapeza akusuta, a Kalekeni akudandaula kuti fodyayu ngozizira, sakufika pachifuwa. Kapepala kagolide kamene kanali kokulunga nduduyo kanali pansi, katapondedwa m'matope a simenti. Sanakalipe. Bola akanakalipa, munthu umadziwa popepesera. Anangoyang'ana msuweni wake, nabwerera kumene kunali alendo.

Madzulo, Aloysius atalowa kale m'galimoto, Kondwelani anafika pawindo manja ali kumbuyo, nakumbutsa nkhani ija ndi mawu apansipansi.

"Asuweni, ine sindikudani," anatero Aloysius. "Koma ndakupatsani chinthu chimodzi m'mawa, pofika masana mudzi wonse wasuta. Nanga matumba a kampani? A Kalekeni akadzabwera ndi kambale kudzapempha fetereza wa munda wawo, mudzawakaniza?"

Kondwelani anatsegula pakamwa kuti anene kuti adzawakaniza, koma onse awiri ankadziwa kuti sangatero. Aloysius anakweza galasi. Malo amene Kondwelani ankayembekezera pa mndandanda wa olandira fetereza anapatsidwa kwa Frazer wa kutsidya kwa dambo, munthu woti sanapatsepo mnzake ngakhale machesi.