Mabatani Awiri ndi Makina a Magetsi

Makina osokera a magetsi atafika pashopu, a Malume anawasisita ngati khanda. Zaka zonsezi ankapalasa makina a mapazi, moti mawondo awo ankachita kulira pokwera masitepe. Makina atsopanowo anawafuna, anawafunitsitsa mpaka mtima kuwawa. Vuto linali loti atelala analipo atatu: iwowo, mlamu wawo, ndi mayi wina yemwe onse ankangomutcha Amazipi.

"Musandisokose," anatero adona, eni shopu. "Si muli ndi mabatani anu aja osankhira wosesa? Ponyani omwewo. Amene amugwere, makina ndi ake."

A Malume anadziwa pompo kuti zinthu zavuta.

Za mabatanizi anayambitsa ndi iwo omwe. M'mawa uliwonse ankaponya mabatani awiri a jekete, lakuda ndi loyera, patebulo lodulira nsalu. Onse akagwa chagada, ankasesa a Malume. Onse akagwa chafufumimba, ankasesa Amazipi. Akagwa mosiyana, tsache linali la mlamu. Anthu atatu, kagwedwe katatu, ndani angadandaule? Koma mdala uyu, kuchenjera ngati chiyani, ankadziwa kuti kusiyanako kumabwera pawiri. Mlamuyo anasesa zaka ziwiri, masiku ena motsatizana, n'kumangodandaula kuti anabadwa ndi minyama.

Lero minyama yomweyo inali pafupi kunyamula makina.

"Alamu," anatero a Malume ndi mawu ofewa, "bwanji lero tisinthane? Mbali yanuyo ndi yatsoka. Ndakumverani chisoni."

"Chisonicho chayamba liti, alamu? Ndakhala ndikutola timaulusi pansi pa mpando wanu, inu mutangokweza miyendo."

"Iii, pamenepa pali kanthu," anatero Amazipi akuchotsa mapini kukamwa. "Munthu uyu sagawa ngakhale singano yothyoka. Anene."

A Malume anazungulirazungulira, koma adona anali atapinda manja. Basi anatenga choko n'kulemba mizere inayi pansalu ya buluku la kasitomala.

"Onse chagada, njira imodzi. Onse chafufumimba, imodzinso. Lakuda chagada, loyera chafufumimba, imodzi. Lakuda chafufumimba, loyera chagada, ina. Ziwiri zomalizazi ndi za alamu anga. Ndiye kuti pa njira zinayi, iwo ali ndi theka, ife tili ndi imodzi aliyense. Si chilungamo chimenecho, adona!"

Amazipi anaphulika nako kuseka mpaka kugwira tebulo.

"Ndiye mumadziwa?" anafunsa mlamu uja pang'onopang'ono. "Ine mpaka kukapempheredwa chifukwa cha tsoka, inu mukudziwa?"

A Malume manyazi anawagwira ndithu, koma maso sanachoke pa makina aja.

"Chabwino," anatero mlamu. "Ndinu amuna a achemwali anga, sindingakumaneni. Tengani mbali yangayo, ine nditenga yanu. Koma tsache ndi lanu zaka ziwiri, popanda kuponya batani. Makina muwapeze, musawapeze."

A Malume anawerengera msangamsanga. Theka ndi lalikulu kuposa gawo limodzi mwa magawo anayi, ngakhale mwana wa sukulu amadziwa. Komanso wosesa sapalasa ndi mawondo.

"Ndavomera," anatero. "Adona ndinu mboni."

Adona anagwedeza mabatani m'manja n'kuwaponya. Lakuda linagwa chagada pompo. A Malume anamwetulira, poti tsopano linangotsala loyera kuti ligwe chafufumimba. Loyeralo linagubuduka, linazungulira sizasi, linagunda tepi, n'kugona chagada.

"Koma ndinali ndi theka!" anakuwa a Malume. "Theka lathunthu!"

"Eya," anatero adona. "Ili ndi theka linalo."

Mlamu anakhala pampando watsopano, anadina switchi, makina n'kuyamba kung'ung'uza bwinobwino. Kenako anakweza miyendo yonse iwiri m'mwamba.

"Yambirani pansi panga pano, alamu. Pagwa timaulusi."