Dalaivala wa Nambala 14

Amalume anga a Abdu khutu limodzi analisiya pansi pa mgodi, kumene anaboola miyala zaka makumi awiri. Linalo linkangomva zimene iwo afuna. Ndinachoka ku Mangochi mu 1996 kudzawasamala kuno ku Luka, pafupi ndi Rustenburg, mwendo wawo wamanja utauma moti sankathanso kuponda buleki.

Kuseri kwa nyumba kunaima pikapu yawo yakale, imene kuno amati baki. Atapuma kumgodi ankanyamulira anthu katundu, ndipo ndiyo inkatidyetsa. Ine kuyendetsa ndinkadziwa. Mayi wina wa Chitswana amene ndinkamuchapira zovala anandiphunzitsa, layisensi n'kutenga. Koma ndikangotchula kiyi, amalume ankandidula mawu.

"Aikona! Mkazi pa chiwongolero? Iwe Kulusumu, ukufuna kumzikiti andiseke?"

Choncho anapangana ndi mnzawo, a Mohamadi, kuti adzagule galimotoyo pakutha kwa mwezi. Ikapita, inenso ndinayenera kukwera basi yobwerera kumudzi, pakuti pakhomopo sipakanakhala chodyetsa anthu awiri. Zinkandiwawa, ndipo ndinkawakwiyira kwambiri.

Chimene tinkagwirizana ndi mpikisano wa magalimoto wa pa TV, Loweruka masana. Ine ndinkakhala kumbali ya khutu lamoyolo, n'kumawakuwira m'Chichewa zimene wolengeza akunena m'Chingelezi. Amalume anali ndi wawo, dalaivala wa galimoto yachikasu, nambala 14. Sankapambana, koma iwo analibe nazo ntchito.

"Taona mmene akulowera pa kona," ankatero. "Enawa akulimbana ndi galimoto ngati akukoka mbuzi yokana. Uyu akuinyengerera. Ameneyu ndiye mphongo."

Ine ndinadziwa tsiku loyamba lomwe kuti mphongoyo ndi mkazi, chifukwa Chingelezi sichibisa. Koma Chichewa chathu sichivala siketi kapena buluku. Ndinkangoti "wadutsa wina", "akuti matayala ake atha", "wafika pa nambala sikisi". Chipewa chachitsulo chinkabisa nkhope, ndipo olephera sankawaonetsa atavula. Ndinatseka pakamwa, poti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Loweruka lomaliza la mweziwo kumpikisano kunagwa mvula. Nambala 14 anayambira kumbuyo kwenikweni. Magalimoto awiri anatererera kunja kwa msewu, ina inazungulira n'kuyang'ana kumene yachokera. Iye ankangodutsa pakati pawo modekha, mmodzimmodzi, madzi akuthovoka kumbuyo kwake. Ndinaiwala zomasulira. Ndinali ndisanaonepo munthu wodziwa ntchito yake chotero, ndipo ndinamukonda ngati mbale wanga.

Anamaliza wachiwiri. Amalume anamenya ndodo yawo pansi mpaka tiyi anatayikira pa mkeka.

Kenako anamuonetsa akutuluka m'galimoto. Anavula chipewa chija. Anali mayi wamfupi, tsitsi litamatirira pamphumi ndi thukuta, akuseka, botolo la madzi lili m'manja.

Amalume anasendera pafupi ndi TV, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Unkadziwa?" anandifunsa.

"Ndinkadziwa, amalume."

"Nanga bwanji sunanene?"

"Simunafunse. Ndinakunamizani pati?"

Tsiku lonselo sanandilankhule, ndipo ine ndinayamba kulongedza zovala, ndikudzitukwana kuti ndachititsa manyazi munthu wamkulu m'nyumba mwake.

M'mawa mwake a Mohamadi anafika. Anaizungulira baki ija, kumenya matayala ndi nsapato, kusuzumira pansi. Ine ndinaima pakhomo n'kumaonerera.

"Che Abdu, ndibweretsereni kiyi ndiimve injini," anatero a Mohamadi.

Amalume anatulutsa kiyi m'thumba la mkanjo wawo. Anayenda pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, kuwadutsa a Mohamadi amene anali atatambasula kale dzanja, n'kukatsegula chitseko cha mbali ya wokwera. M'galimoto imeneyo anali asanakhalepo mbali imeneyo. Anavutika kukweza mwendo woumawo, koma anakana kuthandizidwa.

"Che Mohamadi, pepani, mwayenda ulendo wachabe," anatero. "Miyezi itatu ndakhala ndikutama munthu ndi pakamwa pangapa. Sindingasinthe lero chifukwa ndaona tsitsi lake."

Ananditambasulira kiyi pa windo osandiyang'ana.

"Kulusumu, tiye mpaka ku shafti ya mgodi n'kubwerera. Ukandigwetsera m'ngalande, basi ya ku Mangochi ikadalipo."

Ndinalowa. Injini inazima kawiri a Mohamadi akuonerera. Amalume anangodikira. Kachitatu inalira, ndipo tinatuluka pageti.