Mtanda wa Maluwa

Chiperoni chitangoyamba mu Juni wa 1938, mapaipi a m'nyumba ya mzungu wa esiteti ya fodya cha ku Mpama anayamba kugunda. Silvesta akangosonkha moto m'boila m'mawa, nthunzi n'kuyamba kuyenda kukafunditsa zipinda, pansi pa nyumba pamamveka gu! gu! ngati wina akusula khasu. Dona anadandaula mutu. Mwamuna wake, amene antchito ankamutcha Bwana Sakhuta, analamula Silvesta kuti athetse phokosolo.

Silvesta anali atasamala boilayo zaka zisanu ndi ziwiri. Makolo ake anachokera kudziko la Apwitikizi ndipo kuno analibe mudzi, choncho nyumba, munda ngakhale manda, zonse zinali pa nthaka ya mzunguyo. Ntchito ikatha, kunalibe kolowera.

Anachepetsa madzi m'boila, kugunda osaleka. Anatokosa dzimbiri m'timipopi totulutsira mpweya, koma ayi ndithu. Kunena zoona ankangozungulira dala, chifukwa mtima wake unkadziwa pamene panali vuto. Paipi ya nthunzi imafunika kupendekeka pang'ono kuti madzi azitsetserekera ku boila. Ikagwa mimba, madzi amadikha, nthunzi n'kumawamenyetsa kuchitsulo.

Mwezi wa Febuluwale chaka chomwecho mwana wake Maluwa, wa zaka zinayi, anamwalira ndi malungo. Kudula mtengo pa esiteti unali mlandu, ndipo mitanda ya mitengo wamba inkatha ndi chiswe mvula isanakate. Ndiye Silvesta anazula thabwa la mlombwa lochirikiza paipi pansi pa nyumba, n'kulidula pawiri, n'kukhoma mtanda. Pamalopo anaikapo kachipika ka bulugama. Koma chiswe sichisungira munthu chinsinsi.

Tsiku lachitatu Bwana Sakhuta anakwawa naye pansi pa nyumba. Atakhudza kachipikako, kanangoti phwa, dothi lokhalokha.

"Thabwa langa lili kuti?"

Silvesta anaulula zonse. "Ndiikapo njerwa, bwana. Njerwa sizidyeka."

"Sindinakufunse za njerwa. Mawa thabwa likhale pano, apo ayi usamuke."

Bibiana, mkazi wa Silvesta, atamva anakhala pansi mphasa ili poteropo.

"Abambo a Maluwa, zoona mukamulande mwana dzina lake?"

"Nanga titani, amayi? Tikasamuka, mandawo adzalambula ndani? Adzabzalapo fodya."

Bibiana anayamba kulira. Kulira kwake kunali kopanda mawu, ndipo kunamupweteka Silvesta kuposa kukalipa.

Kumanda munthu salowako osauza akuluakulu, koma Silvesta manyazi anamukulira, anapita yekha masana. Anagwada, napepesa mwanayo, nagwedeza mtandawo mpaka unazuka. Pamtumbira panatsala kadzenje, iye n'kukakwirira ndi manja.

Pansi pa nyumba anazula msomali, nasanjikiza zidutswa ziwirizo, nakweza paipi ndi phewa mpaka inapendekeka bwino. Chidutswa chimene anawotchapo dzina la Maluwa ndi waya anachiika pamwamba, zilembo zitakhudza chitsulo. Paja mwanayo anatsirizika akunjenjemera, akuti, "Ababa, ndikuzizidwa."

M'mawa mwake anayatsa boila. Nthunzi inayenda, nyumba yonse ili zii. Dona anatuma wophika kudzanena kuti mutu wake wapola.

Silvesta anagwira paipi pamene imalowera pansi pa nyumba, namva kuti yafunda. Moto unali wokwana kale, koma anaponyamo nkhuni zina ziwiri.